Asilikali athu anachoka ku Goma, koma nkhondo sinachoke

Achinyamata anzathu,

Mkangano wakula m'magulu mwathu. Ena akuti Malawi anachita bwino kuchotsa asilikali ake ku Congo, ena akuti tinathawa basi. Ife tikuti funso si limenelo.

Tikumbutsane kaye. Mu Disembala 2023, SADC inatumiza asilikali a South Africa, Tanzania ndi Malawi kuti akathandize boma la Congo kulimbana ndi M23. Kumapeto kwa Januwale 2025 mzinda wa Goma unalandidwa. Pa nkhondo imeneyo asilikali athu atatu anaphedwa, a South Africa 14. Mu Febuluwale a Chakwera analamula kuti athu akonzekere kubwerera, ndipo pa 13 Malichi SADC inathetsa ntchito yonseyo.

Sitibisa, ife tinkafuna abwere. Ovala yunifolomu aja ndi amsinkhu wathu. Enafe, digiri ikuchita fumbi mu envelopu, tinaimapo pamzere wofuna kulembedwa usilikali chifukwa kwina konse zitseko n'zotseka. Bokosi likatsika pa ndege timadziwa kuti akanatha kukhala mmodzi wa ife.

Koma taonani mmene anachokera. Bwalo la ndege la Goma linali lotseka, mzinda uli m'manja mwa M23. Asilikali a SADC anakhala miyezi m'misasa yawo atazunguliridwa, uku Ramaphosa ndi Kagame atalalatirana kale poyera pa X. Pomaliza anatuluka pamsewu kudzera ku Rwanda, dziko lomwe akatswiri a UN amati ndilo likuthandiza M23, ngakhale lokha linkakana. Tangoganizani, kupempha njira kwa munthu amene ukumuganizira kuti ali kumbuyo kwa mdani wako! Zikuonetseratu kuti owatumiza anakonza zolowera, zotulukira ayi. Komatu M23 si yachilendo kwa ife. Mu 2013 asilikali athu, ali pansi pa UN, anathandiza kuigonjetsa. Mu 2021 inadzukanso. Atsogoleri ankadziwa mdani amene akukakumana naye.

Nanga otsala? Anthu a ku Goma ndi Bukavu alibe basi yowatengera kwina. Wotha kuthawa amathawa, ndipo ena ulendo wawo umathera ku Dzaleka, ku Dowa konkuno. Msasa umene unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 ukusunga oposa 50,000, ambiri mwa iwo a ku Congo. Apa ndiye tichenjere, anzathu. Zinthu zikathina, andale sachedwa kuloza chala othawa kwawo kuti ndiwo akutilanda mabizinesi. Tinaziona mu 2023, anthu akukwezedwa m'malole m'matauni kubwezedwa ku msasa. Malole atapita, ndani wa ife anapeza ntchito?

Choncho tikufuna Nyumba ya Malamulo iuze mtundu poyera kuti ulendo wa ku Congo unadya ndalama zingati ndipo analipira ndani, komanso kuti mabanja a omwalira aja analandira chiyani. Ndipo asanatumizidwenso msilikali wina kunja, aphungu akambirane, ife tikumva pa wailesi, kuti akukachita chiyani ndipo zikavuta adzatuluka bwanji.

Aliyense ali ndi phungu. Mutumizireni uthengawu, akayankha mutitumizire yankho lake mmene lilili. Akangowerenga n'kukhala chete, mutiuzenso dzina lake.