Malata Akulankhula, Ife Tili Chete

Lamulungu lina ku tchalitchi kwathu kuno ku Chitipa tinasankha mkulu wa mpingo. Dzina la mpingo sinditchula, la bamboyo sinditchulanso. Manja anakwera onse, langa lomwe, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba izi ndi manyazi.

Tinawasankha chifukwa malata a denga la tchalitchi anagula ndi iwowo. Koma tonse timadziwanso nkhani ina. Chaka chatha bambo wina wa m'mudzi mwathu analephera kuwabwezera ngongole. Ngongoleyo inatha mtsikana wa bamboyo, wa sitandade 7, atalowa m'nyumba ya mwana wawo wamwamuna ngati mkazi. Kuno ndi ku Karonga mchitidwewu timautcha kupimbira. Mtsikanayo tsiku lachisankho analipo, atakhala kumbuyo kwa amayi, yunifolomu atasiya kalekale.

Abale anga, tinawerenga Baibulo liti?

Pa 1 Timoteyo 3, Paulo anandandalika zoyenera kuona mwa woyang'anira mpingo. Asakhale wokonda ndalama, wandewu kapena woledzera. Aziyendetsa bwino nyumba yake, ndipo ngakhale anthu akunja kwa mpingo azimunenera zabwino. Yang'anani mndandandawo bwinobwino: mulibe malata, mulibe simenti, mulibe njinga yamoto ya abusa. Mayeso ake amayambira pakhomo. Ife tawasamutsira m'mbale ya chopereka.

Nkhani ya ana a ngongole si yachilendo m'Malemba. Pa Nehemiya 5, anthu osauka anadandaula kuti minda yawo yapita ndipo ana awo aakazi agwidwa ukapolo chifukwa cha ngongole. Ochita zimenezo anali akuluakulu a mtundu wawo womwe, pa nthawi imene onse ankamanga linga la Yerusalemu. Nehemiya sanati tiyeni timalize kaye chitukuko. Anakwiya, anaitanitsa msonkhano waukulu, nawalumbiritsa pamaso pa ansembe kuti abweze zimene analanda.

Ndikudziwa zomwe mundiuze. Muti ndisaweruze. Koma kusankha mtsogoleri n'kuweruza kale, kungoti ife tinaweruza poyang'ana m'thumba. Muti mlandu wa mkulu wa mpingo umafuna mboni ziwiri kapena zitatu, monga 1 Timoteyo 5 ikunenera. Zoona. Mboni tili nazo mudzi wathunthu, kungoti zimalankhulira ku chigayo ndi pa WhatsApp, zikalowa m'tchalitchi zimangoimba. Muti ndi chikhalidwe. Chikhalidwe chanji chomwe chimagwera ana a amphawi okhaokha?

Ngakhale boma latiposa. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana, n'kuimitsa mafumu amene ankawaloleza. Mfumu yopanda guwa inachita zimene ife a guwa tikuopa.

Ndipo matendawa amayambira m'nyumba zathu. Anyamata anzanga timakonda kwambiri Aefeso 5 pamene pakunena kuti mwamuna ndi mutu. Timathamanga tisanafike pamene akuti mwamunayo adzipereke chifukwa cha mkazi wake monga anachitira Khristu. Mutu ukakula sulewa nkhonya: ngongole ikafika pakhomo, woyamba kuvutika akhale bambo. Agulitse mbuzi, agwire ganyu, apemphe nthawi. Mwana si ndalama.

Ndiye chisankho chikubwerachi tisafunse kuti wapereka zingati. Tifunse mkazi wake, ali yekha. Tifunse amene anamukongoza ndi amene iye anawakongoza. Tiwerenge ana a pakhomo pake, tione ngati onse ali ku sukulu.

Ine ndalembera kale kalata akuluakulu a mpingo, ndasainira dzina langa. Mwina andichotsa mu kwaya. Achotse. Mvula ikamagwa pa malata aja ndimalephera kumva ulaliki.