Makina oyezera malo sadziwa mwini munda

TETE — Kuyambira mu 2015, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya Terra Segura ndi cholinga chopereka zikalata za malo, zotchedwa DUAT, zokwana 5 miliyoni komanso kulemba malire a madera 4,000, anthu oyeza malo akhala akufika m'midzi yomwe kale sankapondako. Mu 2018 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 100 miliyoni othandizira ntchito yomweyi. Pamene pali ndalama zotere ogulitsa zipangizo sasowa, ndipo makina omwe amatamandidwa kwambiri masiku ano ndi amene pa Chipwitikizi amati estação total robótica. Kwa anthu a ku Malowera, m'boma la Marávia, funso ndi lakuti kodi makina amenewa ndiwo angateteze munda wa mlimi wa m'malire?

Makinawa amaikidwa pa miyendo itatu. Amaponya kuwala pa kagalasi komwe kali pamwamba pa ndodo, kuwalako kukabwerera iwo amawerengera kutalika kwa mtunda ndi mbali yomwe ndodoyo yaima. Kale ntchitoyi inkafuna anthu awiri, wina wosuzumira m'makina ndi wina wonyamula ndodo. Mu 1990 kampani ya ku Sweden yopanga makina a Geodimeter inatulutsa mtundu womwe umazungulira wokha nkumatsata kagalasi kaja, kotero kuti munthu mmodzi akhoza kuyeza payekha. Pambuyo pake anaonjezeramo luso lojambula malo onse nthawi imodzi popanda ndodo: Leica inatulutsa makina otere mu 2013, Trimble mu 2016. A Trimble aja, otchedwa SX10, amayeza madontho 26,600 pa sekondi imodzi, ndipo pa kompyuta pamatuluka chithunzi cha khoma, mlatho kapena dzenje monga momwe lilili.

Palibe wokana kuti makinawa ndi aluso. Akaphonya amaphonya ndi mamilimita ochepa chabe, osafika kukula kwa njere ya chimanga. Nchifukwa chake amayenera ntchito ngati kuyang'anira khoma la damu lalikulu longa la Cahora Bassa, kuyeza milu ya malasha ku migodi ya ku Moatize, kapena kumanga mlatho. Kumeneko kuphonya pang'ono kukhoza kutayitsa chuma kapena miyoyo.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choyamba ndi mtengo. Makina amodzi amagulidwa madola zikwi makumi angapo, omwe ndi mamiliyoni a metikali, ndipo pamwamba pake pamafunika kompyuta yamphamvu, mapulogalamu olipira ndi munthu wophunzitsidwa bwino. Chachiwiri, makinawa amayeza chokhacho chomwe akuchiona. Kuwala kwao sikudutsa mtengo, chulu kapena phiri. M'nkhalango za mitengo ya mombo ndi m'mapiri a ku Marávia, makamaka udzu ukakula nthawi ya dzinja, woyeza ayenera kulambula njira kapena kunyamula makinawo kuwasamutsa kambirimbiri. Akati ajambule munda wonse nthawi imodzi, chochuluka chomwe chimatuluka ndi masamba ndi mapesi. Chachitatu, mabatire ake amafuna magetsi tsiku ndi tsiku, ndipo makinawo akagwa kapena akasokonekera ndi mabampu a msewu, wokonza sapezeka ku Fingoé. Ayenera kutumizidwa kutali, ntchito nkuima.

Pa minda ya anthu wamba, zipangizo zotsika mtengo zimakwanira. GPS ya akatswiri, yomwe imalandira mauthenga kuchokera ku masetilaiti, imaphonya ndi masentimita ochepa pamalo pomwe thambo likuoneka, ndipo siifuna kuti ngodya imodzi ya munda ionane ndi inzake. Palinso zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, zomwe mlimi ndi oyandikana naye akhoza kuloza ndi chala pomwe pathera munda wa aliyense. Dziko la Rwanda linatsata njira imeneyi pakati pa 2009 ndi 2013, ndipo linalemba malo oposa 10 miliyoni pogwiritsa ntchito zithunzi zotere ndi anthu a m'midzi momwemo amene anawaphunzitsa kwa nthawi yochepa. Malire a munda wa kumudzi ndi mtsinje, mlambe, chulu kapena mzere womaliza wa khasu. Kuyeza mlambe ndi makina olondola mamilimita nkutaya ndalama, popeza tsinde lake lokha limaposa mita.

Chomwe chimateteza mlimi chinalembedwa m'lamulo la malo la 1997, nambala 19/97. Lamuloli linati malo onse ndi a boma ndipo sagulitsidwa, koma linavomereza kuti munthu kapena mudzi womwe ukukhala pamalo motsata mwambo uli ndi ufulu pa malowo. Linavomerezanso ufulu wa nzika yomwe yagwiritsa ntchito malo mopanda chinyengo kwa zaka 10. Linanena momveka kuti kusowa chikalata sikuchotsa ufuluwo, ndipo kuti umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, ndi wovomerezeka. Linalamulanso kuti munthu wakunja kwa mudzi asanapatsidwe malo, anthu a m'deralo afunsidwe kaye. Mu 2022 boma linavomereza mfundo zatsopano zoyendetsera malo monga gawo la ntchito yokonzanso lamuloli, choncho mafumu ayenera kumafunsa ku ofesi ya boma ngati pali chomwe chasintha.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Makina amalemba pomwe ndodo yaimikidwa, koma woloza poimika ndodoyo ndi munthu. Ngati tsiku loyeza mayi wamasiye anali ku chipatala, mlamu wake nkuloza malire m'malo mwake, makina a mamiliyoni adzalemba bodzalo mosaphonya. Zikatero bodza lija lalowa m'kaundula wa boma, lili ndi manambala ndi chidindo, ndipo kulichotsamo nkovuta kusiyana ndi mkangano womwe ukanathera pa bwalo la mfumu. Madambo odyetserako ng'ombe, manda, zitsime ndi tsala lomwe banja likulipumitsa, zonsezi makina amaziona ngati thengo lopanda mwini pokhapokha wina atazitchula.

Komabe ku Malowera alipo malo awiri pomwe kuyeza kolondola kuli kofunika zedi.

Oyamba ndi malire a dziko. Malire a Mozambique ndi Zambia anachokera pa pangano la Portugal ndi Britain la 1891, ndipo m'zaka za 1904 ndi 1905 gulu la oyeza malo, lomwe mbali ya Apwitikizi munali Gago Coutinho, linayenda m'malire a Tete likuyeza ndi zipangizo zamanja ndi nyenyezi, nkumaika zikhomo motalikirana. Pakati pa chikhomo ndi chinzake anthu anapitiriza kulima, kukwatirana ndi kuika maliro monga kale. Kuyambira mu 2007 bungwe la maiko a mu Africa lakhala likulimbikitsa maiko kukonzanso zikhomozi ndi kuonjezera zina. Nkhaniyi imakhudza mlimi mwachindunji, chifukwa lamulo la 1997 linaika malo onse omwe ali m'kati mwa makilomita awiri kuchokera pa malire a dziko m'gulu la malo otetezedwa, momwe DUAT siperekedwa koma chilolezo chapadera chokha. Banja lomwe munda wake uli chakumapeto kwa makilomita awiriwo liyenera kudziwa bwino mbali yomwe lagwera. Pamenepa GPS ya m'foni, yomwe imasokera ndi mamita angapo, siingadaliridwe. Pafunika GPS ya akatswiri yoyambira pa chikhomo chodziwika, ndipo pomwe mitengo yatseka thambo, estação total wamba imathandiza. Luso lojambula madontho zikwizikwi silionjezerapo kanthu.

Achiwiri ndi pomwe msewu, mgodi kapena munda waukulu wa kampani ukufuna kusamutsa anthu. Chigawo cha Tete chinaona kale zotere. M'zaka za 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,000 anasamutsidwa ku Moatize kaamba ka mgodi wa malasha, ambiri kupita ku Cateme, ndipo mu Januwale 2012 anthu a kumeneko anatseka njanji podandaula za nyumba ndi minda yomwe analandira. Pa nkhani ya chipukuta misozi, makina ojambula akhoza kuthandiza mudzi, popeza amasunga chithunzi cha nyumba, nkhokwe ndi makhola zisanagumulidwe. Koma wogula makinawo akhale wofuna malo, ndipo mudzi utsale ndi kope la zomwe zajambulidwa.

Choncho ofesi kapena bungwe lomwe lili ndi ndalama zogulira makina amodzi otere lingachite bwino kuwerengera kaye kuti ndalama yomweyo ikanagula ma GPS angati, njinga zamoto zingati ndi masiku angati a misonkhano m'midzi. Pa ntchito ya apo ndi apo yofuna makina ojambula, kubwereka kumaposa kugula.

Anthu a ku Malowera nawo ali ndi mafunso awo tsiku lomwe miyendo itatu idzaimikidwe m'mphepete mwa munda. Watuma oyezawa ndani, boma kapena kampani? Kalata yowaloleza ili kuti? Kodi mfumu, mwini munda ndi oyandikana naye mbali zonse alipo? Kodi dzina la mkazi lilembedwa pamodzi ndi la mwamuna? Mapu akatha adzapachikidwa kuti, ndipo wofuna kutsutsa ali ndi masiku angati? Ngati mayankho sakumveka, ndi bwino kupempha kuti kuyeza kudikire kufikira onse atasonkhana.