Apolisi adalemba bodza, nyuzipepala idaligulitsa

Anyamata athu amene amavala jezi yofiira ya Liverpool atayang'anitsitsa kumbuyo kwa khosi la jeziyo apeza nambala 97 ili pakati pa malawi awiri a moto. Amene adagula yakale pa kaunjika apeza 96. Nambalayo ikuwerenga anthu amene adafa chifukwa chopita kukaonera mpira, ndipo idakwera mu 2021 pamene Andrew Devine, amene adavulala pangozi yomwe idapha anthuwo, adamwalira atadwala zaka 32.

Pa 15 Epulo 1989 Liverpool idali ndi masewero a semifainolo ya chikho cha FA Cup ndi Nottingham Forest pabwalo la Hillsborough mumzinda wa Sheffield ku England. Nthawi yoyamba mpira itayandikira, ochemerera Liverpool adaunjikana panja kumbali ya Leppings Lane chifukwa zipata zolowera zidali zochepa. Mkulu wa apolisi amene ankayang'anira masewerowo, David Duckenfield, adalamula kuti chipata chachikulu chotulukira chitsegulidwe. Palibe amene adatseka kanjira kolowera m'zigawo zapakati, zomwe zidali zitadzaza kale. Anthu adapanikizidwa kumpanda wa zitsulo mpaka mpweya kuwathera ataimirira. Wamng'ono kwambiri mwa omwalirawo adali ndi zaka 10.

Ngozi zimachitika, ndipo munthu angathe kulamula molakwika atasokonezeka mutu. Chimene chimandiwawa ine ndi zomwe zidatsatira. Mitembo isadachotsedwe n'komwe, Duckenfield adauza akuluakulu a mpira kuti ochemererawo ndiwo adathyola chipata. Adadzavomera pamaso pa khoti mu 2015 kuti lidali bodza. Omwalirawo adatengedwa magazi kuti aone ngati adaledzera, ndi ana omwe. Apolisi adafufuzanso m'makompyuta awo ngati ena mwa akufawo adapalamulapo mlandu. Mayi akulira mwana wake, ena ali kalikiliki kufunafuna chodetsera dzina la mwanayo.

Kenaka padabwera ntchito ya cholembera. Apolisi wamba amene adali pabwalopo adalemba zomwe adaona, koma zolembazo zidadutsa m'manja mwa mabwana awo ndi maloya zisanaperekedwe kwa ofufuza. Gulu loima palokha lomwe lidatsogoleredwa ndi bishopu wa ku Liverpool, James Jones, litawerenga masamba oposa 450,000 a zikalata, lidalengeza pa 12 Sepitembala 2012 kuti masitetimenti 164 adasinthidwa, ndipo mwa amenewa 116 adachotsedwa mawu odzudzula apolisi. Lidapezanso kuti anthu 41 mwina akadapulumuka akadathandizidwa msanga. Pamenepo n'kuti woweruza wa kafukufuku woyamba wa imfazo atakana kumva umboni wa zomwe zidachitika itadutsa 3:15 masana, ponena kuti pofika nthawi imeneyo onse adali atafa kapena sakadapulumukanso. Anne Williams, mayi wa Kevin wa zaka 15, adalimbana ndi ganizo limeneli moyo wake wonse chifukwa padali mboni zonena kuti mwana wake adali akadali moyo nthawiyo itadutsa. Mayiyu adamwalira mu 2013, chigamulo chatsopano chisanatuluke.

Bodza la apolisi likadangokhala m'mafayilo awo, silikadapweteka anthu chonchi. Lidapeza wolinyamula. Patangotha masiku anayi ngoziyo itachitika, nyuzipepala ya The Sun ya kampani ya Rupert Murdoch, pansi pa mkonzi Kelvin MacKenzie, idalemba patsamba loyamba ndi zilembo zikuluzikulu kuti yabweretsa choonadi: ati ochemerera Liverpool ankapisa m'matumba a omwalira, ankakodzera apolisi, ndipo adamenya wapolisi amene ankathandiza wovulala. Nkhaniyo idachokera kwa apolisi ena ndi phungu wina wa ku Sheffield. Palibe umboni umene udapezekapo. Oigula nyuzipepalayo mumzinda wa Liverpool adali anthu wamba omwewo, ogwira ntchito padoko ndi m'mafakitale, ndiye kuti kampaniyo idalandira ndalama zawo n'kuwagulitsa chitonzo cha ana awo.

Anthu a ku Liverpool adayankha ndi chimene chidali m'manja mwawo. Adasiya kuigula. Ogulitsa nyuzi ambiri adasiya kuioda, ndipo mpaka lero mumzindamo ambiri salola ngakhale kuigwira. Kampaniyo idapepesa mu 2004, idapepesanso mu 2012, anthu osatekeseka. Ndimawamvetsa. Pa 26 Epulo 2016 khoti litagamula kuti omwalirawo adaphedwa mosatsata lamulo ndiponso kuti ochemerera sadalakwe kanthu, m'mawa mwake The Sun sidaike nkhaniyo patsamba loyamba. Kampani imene idapeza malo a bodza patsamba limenelo idasowa malo a chigamulo. Mu 2017 timu ya Liverpool idaletsa atolankhani a nyuzipepalayo kulowa pabwalo lake la Anfield.

Makolo adati mlandu suola, ndipo n'zoona kuti uwu sudaole. Koma tiyeni tione chimene mabanjawo adatuta atadikira zaka zonsezi. Nduna yaikulu David Cameron idapepesa m'nyumba ya malamulo mu 2012. Duckenfield adazengedwa mlandu wopha anthu chifukwa chonyozera ntchito ndipo khoti lidamupeza wosalakwa mu Novembala 2019. Mlandu wa apolisi awiri opuma ndi loya wina, wokhudza kusintha masitetimenti, udathera panjira mu 2021, woweruza atanena kuti zolembazo zinkapita kukafukufuku wa boma osati kukhoti. Yekhayo amene adapezeka wolakwa ndi mlembi wa timu ya Sheffield Wednesday, eni bwalolo, ndipo adalipira chindapusa cha mapaundi 6,500. Chinsinsi chidagwira ntchito yake: chidachedwetsa zinthu mpaka mboni zidakalamba, makolo ambiri adapita kumanda, ndipo olakwa adapuma pantchito mwamtendere.

Kwathu kuno nkhani yotere si yachilendo. Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic ku Blantyre, atapezeka atafa mu Sepitembala 2011, apolisi adafulumira kulengeza kuti adadzipha. Komiti yofufuza imene idatsogoleredwa ndi Justice Andrew Nyirenda idapeza mu 2012 kuti mnyamatayo adachita kuphedwa. Chikadakhala kuti tonse tidangomeza mawu oyambawo, banja lake likadatsala ndi chisoni ndi manyazi omwe.

N'chifukwa chake sindikhulupirira ofesi iliyonse imene imati nkhani ikufufuzidwa mkati ndipo tidzauzidwa nthawi yake ikakwana. Apolisi ambiri ndi anthu olimbikira amene amagwira ntchito yoopsa pamalipiro ochepa, ndipo ku Hillsborough ena mwa iwo adalemba zoona, mabwana awo ndiwo adafufuta. Chinsinsi chimapweteka wapolisi wachilungamoyo poyamba, chifukwa chimamusandutsa mboni yabodza iye osafuna. Munthu akafera m'chitokosi, kapena pachionetsero, kapena pabwalo la masewero pomwe apolisi ankalondera, apolisi omwewo asakhale ofufuza. Tili ndi bungwe la Independent Complaints Commission lolandira madandaulo okhudza apolisi, tilinso ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Bungwelo lipatsidwe ndalama ndi anthu okwanira, ndipo banja loferedwa lizilandira lipoti la dokotala woyeza mtembo pamodzi ndi masitetimenti monga adalembedwera poyamba, popanda kuchita kugwada.

Anzanga olemba nkhani, mawu a mneneri wa apolisi ndi mbali imodzi chabe ya nkhani. Pitani kumaliro, mukamve kwa amene adaona. Nanu owerenga ndi omvera wailesi, ndalama yogulira nyuzipepala ndi bandulo ndi yanu. Nyumba youlutsa nkhani ikakunamizani pa imfa ya m'bale wanu n'kukana kukonza, isiyeni, ndipo iuzeni poyera chifukwa chimene mwaisiyira.