Kanema wonyadira ndi amene wamveka kumudzi

LICHINGA – Mmisiri aliyense ali ndi ntchito imodzi imene amaikonda kuposa zonse. Wosema bwato ku Metangula amadziwa bwato limene linamutulutsa thukuta, woumba mbiya amadziwa mbiya imene amaonetsa alendo. Chimodzimodzinso amisiri a makatuni, kanema uja wa zithunzi zojambula zimene zimayenda ndi kuyankhula ngati anthu. Funso ndi lakuti: kodi mmisiri wa Moçambique ayenera kunyadira kanema uti?

Ntchito imeneyi si yamasewera. Kuti chithunzi chioneke ngati chikuyenda, pafunika zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo ambiri amachepetsa n'kujambula 12. Ngakhale atachepetsa choncho, mphindi imodzi yokha idya zithunzi 720. Munthu wokhetsa thukuta lotere ali ndi ufulu wosankha chimene mtima wake wakonda.

Dziko lino lili naye mmisiri wodziwika, bambo Nildo Essá a ku Maputo. Kanema wawo wa 2013, Os Pestinhas e o Ladrão de Brinquedos, wonena za ana ndi wakuba zoseweretsa, anafika pa mpikisano wa Africa Movie Academy Awards mu 2014, kumene mphotho inapita kwa Khumba wa ku South Africa. Ku Zambia, mayi Malenga Mulendema anayambitsa Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a ku Lusaka, imene inatuluka pa Netflix mu 2023. Onsewa ayamikiridwe, chifukwa aonetsa kuti mwana wa kuno akhoza kukhala mwini nkhani.

Komabe mphotho ya kunja si muyeso wokwanira. Mwana wa ku Cóbuè, ku Mandimba kapena ku Mecanhelas saonera Netflix. Amaonera m'kanyumba ka vidiyo pamsika, kapena pafoni ya achimwene ake, ndipo zambiri zimene amaona ndi mafilimu a nkhondo ndi karate amene anyamata a ku Malawi anawaikira mawu a Chichewa. Anthu amadzaza m'tinyumba timeneti chifukwa akumva chiyankhulo chawo. Phunziro lili pomwepo.

Akuluakulu akukumbukira Kuxa Kanema, nkhani za pakanema zimene Instituto Nacional de Cinema inkakonza dziko litalandira ufulu mu 1975. Magalimoto ankanyamula makina kupita kumidzi, anthu n'kuonera panja usiku. Moto unaononga nyumba ya bungweli mu 1991, koma nzeru yake idakali yabwino: kanema alondole anthu kumene ali.

Lichinga nayenso ali ndi umboni. Gulu loimba la Massukos linatchuka poimba m'ziyankhulo za Niassa za kusamba m'manja ndi kumanga zimbudzi, ndipo mtsogoleri wake, bambo Feliciano dos Santos, analandira mphotho ya Goldman mu 2008. Ulemu wa kunja unabwera pambuyo, anthu a kumudzi atamva kale uthenga. Emissor Provincial wa Rádio Moçambique amaulutsanso m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakua pa chifukwa chomwecho.

Ena anena kuti makatuni afuna makompyuta a mtengo wapatali, pomwe midzi yambiri ilibe magetsi. N'zoona kuti ndalama ndi vuto. Koma mu 2003 amisiri a ku Zimbabwe anatulutsa The Legend of the Sky Kingdom, kanema wathunthu wa zidole zopangidwa ndi zinthu zotayidwa. Ana a m'malire muno amapanga kale magalimoto a waya ndi ng'ombe za dothi. Chidole, foni ya kamera ndi kudekha n'zokwanira poyambira.

Nkhani nazonso sizisowa. Nthano za Kalulu ndi Fisi zili m'mitu ya agogo, ndipo agogo akamapita, nthanozo zikupita nawo. Makatuni a mphindi zitatu m'Chinyanja angasunge nthano, angachenjezenso za kolera nthawi ya dzinja kapena za kukwatitsa ana aang'ono.

Mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi, mawailesi a m'maboma ndi akuluakulu oona za chikhalidwe m'chigawo chino athandize achinyamata ojambula, ndipo eni tinyumba ta vidiyo apatse malo ntchito za kwawo. Tsiku limene mmisiri adzafunsidwe kanema amene amamukonda koposa, adzathe kutchula amene anaseketsa ana a ku Lago m'chiyankhulo cha amayi awo.