Ndalama za zokolola zikafika, ana atetezedwe ku mowa ndi chamba

Fodya ndi mbatatesi zikayamba kugulitsidwa m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, ndalama zimafika m'midzi. Nthawi yomweyo malo omwera mowa amadzaza, ndipo anyamata amene apeza kangachepe pa ganyu amayamba kulawa kachasu, mowa wa m'timabotolo totchipa komanso chamba.

Lamulo lilipo. Dziko la Mozambique limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Vuto n'lakuti kachasu amatchezedwa kuseri kwa nyumba, komwe apolisi safikako kawirikawiri. M'misika ya m'malire monga Lizulu, mwana akakanizidwa mbali ino amangowoloka msewu n'kukagula mbali ya Malawi.

N'chifukwa chake chitetezo chiyenera kuyambira pakhomo, mwana asanalawe. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka atapitirira zaka 20, ndipo woyamba kumwa ali wamng'ono ndiye amavutika kwambiri kusiya akakula.

Makolo ali ndi mbali yaikulu. Mwana wotumidwa kukagula kachasu amaphunzira njira, mtengo ndi fungo lake. Mnyamata wolipidwa mowa atalima ganyu amazolowera kuti thukuta limathera m'botolo. Zinthu ziwirizi mafumu ndi mipingo angathe kuziletsa m'midzi mwawo popanda kudikira boma.

Mwana akayamba kujomba kusukulu, kufika usiku maso ali psuu, kapena chimanga chikamasowa m'nkhokwe, ndi nthawi yokhala naye pansi ndi kupita naye kuchipatala. Kumukwapula kumangomuphunzitsa kubisa, ndipo banja limadzazindikira mochedwa, ndalama za feteleza zitapita kale.