Anthu a m'tsogolo avale zotani?

Munthu wa m'filimu umamudziwa ndi chovala chake asanatsegule n'komwe pakamwa. Amene munaonerapo Star Wars, filimu ya nkhondo za kuthambo yomwe inatuluka mu 1977, mukudziwa kuti Darth Vader akangotulukira, wakuda bii kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ngakhale mwana wosamva Chingerezi amazindikira kuti uyu si wocheza naye. Chisoti chakecho sichinangogwa kumwamba. Katswiri wojambula, Ralph McQuarrie, anaganiza kuti munthu wochoka m'chombo china kupita m'chinzake kumalo kopanda mpweya ayenera kukhala ndi chopumira kumaso. Maonekedwe a chisoticho anatengerako kwa ankhondo akale a ku Japan otchedwa samurai. Choncho mantha amene timamva tikamuona anayambira pa funso wamba lakuti munthuyu azipuma bwanji.

Masiku ano achinyamata okonda mafilimu otere sakhutira ndi kuonera kokha. Amatenga pensulo n'kumajambula anthu a m'mafilimuwo, kuwasinthira zovala, mwinanso kupeka awoawo, ena n'kumaika pa Facebook. Eni chiyankhulo amati fan art. Kusukulu imene ndimaphunzitsa, masamba a kumapeto kwa makope ndi odzaza ndi zimenezi. Ana amaonera mafilimuwa m'nyumba za vidiyo pamsika kapena pa foni, ndipo ena dzanja lawo ndi lodabwitsa ndithu. Chondidandaulitsa n'chimodzi. Nkhope imakhala yakuno, dzina n'kukhala Chimwemwe kapena Mphatso, koma chovala ndi chomwecho nthawi zonse: chothina ngati khungu, chitsulo pachifuwa, chinsalu cholendewera kumsana. Mwana amene sangathe kuona m'maganizo mwake anthu akwawo atavala zakwawo zaka 200 zikubwerazi, pang'ono ndi pang'ono amayamba kukhulupirira kuti tsogolo lili ndi eni ake, ife tidzangokhala alendo.

Amene anatsegula maso a ambiri pankhaniyi ndi mayi Ruth E. Carter, wa ku America, yemwe anakonza zovala za mu Black Panther mu 2018. Wakanda ndi dziko lopeka, koma zovala zake zili ndi kwawo. Kufiira ndi mikanda ya asilikali achikazi aja, a Dora Milaje, zinachokera kwa Amasai a ku Kenya ndi Tanzania, pomwe mphete za m'khosi zinachokera kwa Andebele a ku South Africa. Chipewa cha mfumukazi Ramonda ndi isicholo, chimene amavala amayi okwatiwa a Chizulu, kungoti cha m'filimucho chinaumbidwa ndi makina otsogoleredwa ndi kompyuta. Alonda a m'malire anafunda mabulangete a Abasotho a ku Lesotho, chifukwa nawonso amakhala kumapiri kozizira n'kumaweta ziweto, ndipo nkhondo ikavuta mabulangete omwewo amasanduka zishango. Mu 2019 mayiyu anakhala munthu wakuda woyamba kupata mphotho ya Oscar pa zovala, n'kudzapatanso ina mu 2023.

Tsono ana athu ataona zimenezi anangosiya kukopera zakale n'kuyamba kukopera Wakanda. Phunziro lenileni linawadutsa. Mayi Carter sanayambe ndi kukongoletsa, anayamba ndi mafunso. Munthuyu amakhala kuti? Amagwira ntchito yanji? Udindo wake ndi wotani, nanga chovalacho anamusokera ndani?

Tiyeni tiyese. Tinene kuti mukujambula mayi wa ku Nsanje m'chaka cha 2200, yemwe ntchito yake ndi kupulumutsa anthu Shire akasefukira. Kumeneko dzuwa limaswa mtengo, choncho chovala chakuda chothina chingamukomole asanafike n'komwe kudooko. Mpatseni chipewa chachikulu cholukidwa ngati cha mlaza, koma ulusi wake ukhale wokoka mphamvu ya dzuwa yoyatsira tochi yake usiku. Chitenje cha m'chiuno chikhale choti chikakhudza madzi chifufume n'kumuyandamitsa, iye pamodzi ndi mwana amene wamubereka. Matumba akhale kumtunda, pachifuwa, poti za m'munsi zimanyowa. Pamaondo muike zigamba, chifukwa wogwira ntchito savala zatsopano tsiku ndi tsiku. Mitundu ikhale iwiri kapena itatu, umodzi wowala kwambiri kuti amene ali pamwamba pa mtengo amuonere patali. Mukatha, detsani chithunzi chonse ndi pensulo mpaka chikhale ngati mthunzi. Ngati mnzanu angathe kumuzindikira mayiyu ndi mthunzi wokhawo, ndiye kuti mwajambula munthu, osati mulu wa zokongoletsa.

Sindikunena kuti kubwereka n'kolakwa. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Agogo athu anatitsogolera kale pa luso limeneli. Itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, anthu amene anaona perete wa asilikali a King's African Rifles anatenga yunifolomu ija n'kuisandutsa yawo. Ku Nkhata Bay kunamera Malipenga, makabudula oyera mbee, masokosi ofika m'maondo, malipenga ake opangidwa ndi zikho. M'chigawo chapakati muli Mganda, ndipo kwa Ayao a ku Mangochi ndi Machinga kuli Beni ndi mamendulo ake. Palibe angaone magule amenewa n'kunena kuti ndi a Angerezi. Anabwereka nsalu, koma kadulidwe ndi kavinidwe n'kathu.

Komabe si chilichonse chakwathu chimene chili chongotola. Wachinyamata wina akamva kuti "jambula zakwanu" amathamangira ku Gule Wamkulu, n'kutenga nkhope ya chilombo, kuiveka zitsulo, kuipatsa mfuti ya moto. Apa ndiye ndimati tayamba wafatsa. Gule si chovala cha masewera. Chilombo chilichonse chili ndi dzina lake, nyimbo yake ndi chiphunzitso chake, ndipo chimatuluka pa maliro, pa chinamwali kapena polonga mfumu. Ngakhale bungwe la UNESCO linauzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Tikamakwiya alendo akamaseweretsa miyambo yathu, sitingayambenso ndife kuiseweretsa pofuna kuti anthu atiyamikire pa Facebook. Wofuna kuphunzira afunse akuluakulu a mwambo chimene n'chololedwa, kapena akafike ku Mua, m'boma la Dedza, komwe Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a Kungoni mu 1976. Ndipotu zotola mwaufulu zilipo zambiri: kalukidwe ka lichero ndi mphasa, kamangidwe ka duku, mikanda, zigwinjiri, ngakhale nsapato za matayala.

Kwa makolo ndi aphunzitsi anzanga, ndikudziwa kuti kope lodzaza zithunzi limapsetsa mtima mayeso a MSCE akamayandikira. Koma musanang'ambe tsambalo, mufunseni mwanayo chifukwa chake munthu wakeyo wavala choncho. Kuti ayankhe, ayenera kudziwa za kutentha ndi kuzizira, za zinthu zoyandama ndi zomira, za mbiri ya anthu a kwawo. Zonsezo zili m'silabasi.

Ndipo iwe wojambula, ukamaliza chithunzi chako upite nacho kwa atelala a pakhonde la sitolo. Akachiyang'ana n'kufunsa kuti munthuyu amachivala bwanji chimenechi popeza chilibe potsegula, bwerera ukakonze. Koma akatenga tepi n'kuyamba kuwerengera kuti chingalowe mamita angati, dziwa kuti wasoka chovala chenicheni.