MAINJINIYA AYESEDWE NDI NCHITO ZA MANJA AO

Pamene dziko la Zambia linalandila ufulu m'caka ca 1964, nzika zokhala ndi madigili zinali pafupi-fupi 100 cabe. Ndiye cifukwa cake Boma la Dr Kenneth Kaunda linatsegula Yunivesite ya Zambia mu 1966, ndi sukulu ya mainjiniya mu 1969. Colinga cinali cimodzi: mwana wa Zambia amange Zambia.

Komabe mlatho wa Kazungula, wa mamita 923, umene unatsegulidwa mu 2021, unamangidwa ndi kampani ya ku South Korea. Mseu wa Mongu kupita ku Kalabo, wotsegulidwa mu 2016, unamangidwa ndi kampani ya ku China. Abwenzi amenewa ayamikidwe, koma mtundu umene ubweleka ndalama n'kubwelekanso manja usanene kuti wadzidalila.

Motelo maphunzilo a mainjiniya omanga miseu, milatho ndi madamu afunika kukonzedwanso. Funso loyamba lisakhale lakuti wophunzila wakhala maola angati m'kalasi, koma lakuti akatha zaka zisanu angathe kucita ciani. Kodi angapime dothi asanakumbe maziko? Kodi angayese mphamvu ya konkili patapita masiku 28? Kodi angawelengele mtengo wa nchito, n'kukana kusaina pamene simenti yabedwa? Phunzilo lililonse ndi mayeso alionse ziyambile pa mafunso amenewa.

Ena aopa kuti njila iyi idzacepetsa masamu ndi sayansi. Iyai. Wosadziwa masamu sangawelengele kulemela kumene mlatho ungasenze. Pangano la Washington Accord, loyambidwa mu 1989, limene South Africa inalowamo mu 1999, limaweluza maphunzilo poona zimene womaliza sukulu angacite, ndipo masamu ali patsogolo.

Nkhaniyi ikhudza moyo wa munthu wamba. Mai wa ku Kanyama amene nyumba yake imalowa madzi m'dzinja afuna ngalande, osati satifiketi. Mlimi amene mbeu zake zinaonongeka pamene damu la zinyalala za mugodi linaphulika ku Chambishi mu February 2025 adziwa mtengo wa cipupa cosalimba.

Conco Yunivesite ya Zambia, ya Copperbelt, bungwe la Engineering Institution of Zambia ndi la Higher Education Authority akhale pamodzi alembe poyela maluso ofunika. Makampani opatsidwa nchito za Boma akakamizidwe kulandila ophunzila pa malo omangila. Makolo anati m'mela n'poyamba: mlatho wolimba uyambila m'kalasi.